Musavomere "facts" musanazimve bwino: malangizo kwa Amalawi okhala ku Chipata

Mmalawi akafika ku Chipata sachedwa kuiwala kuti wadumpha malire. Ku msika wa Kapata amanenerera mtengo wa tomato m'chinenero chake, wanjinga amamumva, ndipo maina ndi omwewo: Banda, Phiri, Mwale, Tembo. Chimene chimamukumbutsa kuti ali m'dziko la eni ndi pepala. Boma la Zambia limagwira ntchito m'Chingerezi, choncho fomu ya ku Immigration, sitetimenti ya kupolisi ndi zolembedwa za khoti la majisitireti zonse zimakhala m'Chingerezicho. M'mapepala amenewa muli kaliwu kena kamene tonse timayesa kuti timakadziwa poti timakamva tsiku ndi tsiku: fact.

Tanthauzo lake silovuta. Fact ndi chinthu chimene chinachitikadi kapena chilipodi, choti munthu wina atapita kukafufuza akachipeza chili momwemo. Kuti Chipata kale inkatchedwa Fort Jameson, imeneyo ndi fact. Kuti anthu a ku Chipata ndi ochezeka kuposa a ku Lusaka, amenewo ndi maganizo anu, olo akuvomerezeni onse a m'basi. Tikamati "choonadi" nthawi zambiri timaganiza zazikulu, zakutchalitchi ndi zapamaliro. Fact ndi kanthu kakang'ono: tsiku liti, ndani, kuti, zingati. Zikakhala zambiri amati facts.

Pocheza, liwuli limapepuka kwambiri. "In fact, ine sindinapiteko n'komwe." Wolankhulayo akungotanthauza "ndipotu" kapena "kunena zoona". Abwana akayamba ndi "the fact is", konzekerani, chikubweracho sichokoma: mwina malipiro achedwa, mwina ntchito yatha. "As a matter of fact" ndi njira yaulemu yokukonzani kuti mwalakwitsa. Achinyamata pa WhatsApp ndi pa Facebook amangolemba kuti "facts", kutanthauza "wanena zoona, mbale". Zonsezi ndi zokometsera pakamwa, sizitsimikizira kanthu. Mnyamata wosintha ndalama pa malire a Mwami akakuuzani kuti "in fact, mtengo wasintha m'mawa uno, bosi", funsani kaye wina musanatulutse chikwama.

Kumene liwuli limaluma ndi kukhoti, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono.

Munthu akaimbidwa mlandu pamaso pa majisitireti, tinene wokhala m'dziko masiku atatha, amamuwerengera mlandu n'kumufunsa ngati akuuvomera. Ambiri amavomera msangamsanga pofuna kuti zithe. Koma sizithera pomwepo. Woimira boma amawerenga pepala lotchedwa statement of facts, lofotokoza mmene zinthu zinayendera malinga ndi apolisi: munalowa liti, kudzera kuti, anakupezani kuti, muli ndi chiyani. Akatha, majisitireti amafunsa kudzera mwa womasulira:

"Mwamva zimene zawerengedwazi? Kodi ndi zoona?"

Ife tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa umayankha kuti "inde bwana" maso ali pansi. Mwambo wabwino ndithu kubwalo la amfumu, koma pano "inde" wanuyo amalembedwa kuti mwavomera chilichonse chili papepalalo, ndipo chigamulo ndi chilango zimachokera pomwepo. Ngati alemba kuti munalowera njira yachidule pamene inu munadutsa pa Mwami ndipo chidindo chilipo, nenani. Ngati alemba miyezi isanu pamene anali masabata asanu, nenani: "Bwana, zina ndi zoona, koma za miyezi ija ayi." Kumeneko sikuderera khoti. Amakufunsani dala kuti mukonze, ndipo ngati chimene mukukanacho chili pa phata la mlandu, majisitireti amalemba kuti mwakana mlandu, ndiye boma libweretse mboni.

Malamulo aakulu a dziko la Zambia amapatsa woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi womasulira kwaulere ngati sakumva chinenero cha khoti. Musachite manyazi ndi Chingerezi cha Fomu 2 n'kumati muyesa nokha. Komanso dziwani kuti Chinyanja cha womasulirayo chikhoza kukhala ndi mawu achinsenga kapena a m'tauni ya Lusaka amene kwathu sitiwagwiritsa ntchito. Mwaphonya liwu, pemphani abwereze. Amene alibe ndalama ya loya afunse za Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu, asanayankhe mlandu, osati atayankha kale.

Kupolisi nkhani yake ndi yomweyo. Akakuitanani ndi kapepala kamene kuno amati call-out, kaya ndinu wodandaula kaya mboni, wapolisi amamva Chinyanja chanu koma amalemba m'Chingerezi, kenako n'kukupatsani cholembera. Musanasaine kapena kudinda chala, akuwerengereni zonse m'chinenero chanu. Ngati ndinu woganiziridwa, sitetimenti yake amaitcha warn and caution, ndipo amayamba akuchenjezani kuti simukukakamizidwa kunena kanthu komanso kuti zimene munene zitha kukagwiritsidwa ntchito kukhoti. Chenjezolo si mwambo chabe.

Pofotokoza, siyanitsani zimene munaona ndi zimene munamva. Chichewa chathu chili ndi kaliwu kothandiza, "akuti", ndipo tikamacheza timakataya msanga nkhani ikakoma. "Akuti anaba njinga ndi mwana wa alandilodi" ndi nkhani ina, "ndinaona mwana wa alandilodi akutulutsa njinga cha m'ma 9 koloko usiku" ndi inanso. Yachiwiriyi ndiyo apolisi angagwirire ntchito. Mukasandutsa yoyamba kukhala yachiwiri pofuna kuti dandaulo lanu limveke lamphamvu, loya wa mnzanuyo adzakuvulani pagulu.

Pali mawu ena amene ochereza alendo ayenera kuwadziwa: after the fact. Liwu lakuti fact linachokera ku Chilatini, factum, kutanthauza chinthu chochitidwa, ndipo m'malamulo tanthauzo lakalelo lidakalipo. Accessory after the fact ndi munthu amene wathandiza wolakwa kuti azembe chilango akudziwa kuti wapalamula. Msuweni akatulukira usiku kuchokera kufamu kumene amagwira ntchito n'kukuuzani kuti watenga katundu wa abwana, mumubise masiku awiri, mlandu umene mukuuitana m'nyumba mwanu ndi umenewo. Chibale ndi fupa, inde, koma si yankho limene majisitireti amalandira.

Tibwere ku zamalire. N'zoona kuti ndife amodzi. Mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ambiri tili ndi azakhali tsidya lino. Koma wa Immigration akakufunsani, chimene akufuna ndi tsiku limene lili pa chidindo. Mlendo wamba amaloledwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12, wobwera pa zamalonda 30, ndipo si nthawi zonse pamene amakupatsani onsewo pakamodzi. Werengani zimene wakulemberani muli pawindo pomwepo. Mukaona kuti masiku akutha, pitani ku ofesi yawo m'tauni asanathe. Ndipo chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito, ngakhale abwana anene kuti "in fact palibe vuto".

Vuto lina timalibweretsa tokha kuchokera kumudzi: maina ndi zaka. Munthu mmodzi, kusukulu analembetsa dzina la amalume, kutchalitchi ali ndi lina, pa chiphaso cha unzika cha NRB pali la bambo, chaka chobadwa nacho chinasinthako pa nthawi ya mayeso a Sitandade 8. Kwanu aliyense akudziwa kuti ndinu yemweyo. Ku ofesi ya kuno, anthuwo ndi atatu. Sankhani zimene zili pa pasipoti ndipo muzilemba zomwezo paliponse, kuchipatala, kubanki, posainitsa simu khadi, mpaka kalembedwe ka Mbewe kapena M'bewe. Mapepala akasemphana, pamafunika kalata yolumbira, afidaviti, yosainidwa pamaso pa wolumbiritsa anthu wotchedwa Commissioner for Oaths. Mmenemo mumalumbira kuti facts zimene mwalembazo ndi zoona, ndipo kunama polumbira ndi mlandu pawokha. Za wina wokuuzani kuti akupezerani chiphaso chobiriwira chotchedwa NRC, mungotchula mudzi wa kuno ndi mfumu yake, musayerekeze. Chiphasocho ndi cha nzika za Zambia, ndipo bodza lake limakutsatirani mpaka kwa ana.

Zandalama ndiye zimadanitsa anthu kuposa zonsezi. Maiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutali, makamaka chichotsereni Zambia maziro atatu mu 2013. Amalawi awiri akabwerekana "mafaifi sauzande" ali ku Chipata, wina n'kubwerera ku Mchinji, mkangano wake umakhala woti zinali kwacha ziti. Lembani ZMW kapena MWK, tsiku, maina onse awiri ndi a mboni. Kakope ka ana asukulu n'kokwana.

Lendi chimodzimodzi. Alandilodi ambiri ndi anthu abwino, ena timapemphera nawo, ndiye kupempha lisiti kumaoneka ngati kuwakayikira. Njira yosavuta ndi kulipira pa Airtel Money kapena MTN, uthenga wake n'kuusunga osafufuta, chifukwa uli ndi tsiku, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukapereka pamanja, nenani mwaulemu: "Amayi, tandisainirani apa, ine mutu wanga suchedwa kuiwala." Sindinaonepo wokwiya ndi mawu amenewo. Wa ganyu kapena wa kufamu azilemba masiku amene wagwira ndi chilichonse chimene watenga pangongole, kaya ufa kaya feteleza, chifukwa pa nthawi yowerengera malipiro buku limene limatsegulidwa ndi la abwana, ndipo ku ofesi ya zantchito adzakufunsani kuti lanu lili kuti. Mapepala onsewa, kuphatikizapo tsamba la pasipoti lokhala ndi chidindo, ajambuleni pafoni n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika kumudzi, kuti foni ikabedwa kapena chikwama chikanyowa mukhale ndi poyambira.