Momwe mungasankhire link function pa deta ya inde kapena ayi

Tiyerekeze kuti mwayeza malungo ana 600 m'midzi 30 ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, ndipo mukufuna kudziwa ngati kugona m'neti kukuthandiza. Ana a mudzi umodzi amalumidwa ndi udzudzu wa dambo limodzi, n'chifukwa chake mudzi umalowa mu modelo ngati random effect, kutanthauza kuti mudzi uliwonse umaloledwa kukhala ndi mlingo wakewake wa malungo. Chatsala ndi link function, imene imasandutsa mwayi wodwala, womwe sudutsa 0 ndi 1, kukhala nambala yoti masamu a mzere wowongoka agwirepo ntchito.

Tiona ma link function atatu: logit, probit ndi cloglog. Yambani ndi logit. Mu pulogalamu ya R gwiritsani ntchito lamulo la glmer la mu phukusi la lme4: lembani malungo ~ neti + (1 | mudzi), family ikhale binomial, logit imabwera yokha. Mu pulogalamu ya Stata ndi melogit.

Kenako yesani probit. Musadabwe manambala oonetsa mphamvu ya neti akachepa, chifukwa a logit amaposa a probit pafupifupi ka 1.6, koma mwayi wodwala umatuluka wofanana ndithu. Ine sinditaya nthawi kukangana za awiriwa. Azaumoyo anazolowera logit, azachuma amakonda probit, ndiye onani amene adzawerenge lipoti lanu.

Cloglog njosiyana: mbali zake sizilingana, imapindika mosiyana pafupi ndi 0 ndi pafupi ndi 1. Itengeni ngati ana mwawatsatira kwa nthawi zosiyana, wina miyezi itatu, wina isanu ndi umodzi. Ikani log ya nthawiyo ngati offset (nambala yomwe modelo imangoitenga momwe ilili), ndipo mukachita exp (kubweza log) nambala ya neti imawerengedwa ngati hazard ratio, yoyerekeza liwiro lomwe matenda akugwirira magulu awiriwo.

Pomasulira m'pamene ambiri amaterereka. Exp ya nambala ya logit ndi odds ratio, yoyerekeza odds (odwala kugawa ndi osadwala) za magulu awiri, osati kuchuluka kwa mwayi wodwala. Ngati ana 40 pa 100 ogona m'neti akudwala ndipo odds ratio ya osagona m'neti ndi 2, ndiye kuti odwala ndi 57 pa 100, osati 80. Mukalemba kuti "amadwala kuwirikiza kawiri" mwanama, ngakhale kompyuta sinalakwitse kanthu. Komanso odds ratio imeneyi ikuyerekeza ana awiri a mudzi umodzi, osati ana onse a boma la Lilongwe. Ya anthu onse imayandikirako ku 1.

Tsopano onani kusiyana kwa midzi. Gawani variance ya midzi (nambala yoonetsa kukula kwa kusiyanaku) ndi variance yomweyo kuphatikizapo 3.29 ngati ndi logit, 1 ngati ndi probit, 1.64 ngati ndi cloglog. Variance ya 0.8 pa logit ikupatsani 0.20, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a kusiyanaku lili pakati pa midzi. Ndaonapo ophunzira akuika 3.29 pa probit, zonse n'kusokonekera.

AIC, nambala yoyerekezera mamodelo imene yochepa ndiyo yabwino, muione pomaliza. Ikasiyana ndi 1 kapena 2 yokha, khalani pa logit. Popita kukafotokozera akuluakulu azaumoyo, tebulo lanu lionetse ana angati pa 100 akudwala ali ndi neti, angati alibe.