Sipuleya yodontha musamange ndi jumbo: za tepi yoyera ndi mawasha osadyeka ndi mankhwala

Alimi anzanga a ku Salima, nyengo yopopera thonje ikafika, masipuleya ambiri amene amatuluka m'nyumba zathu amakhala odontha. Ina imadontha pachivindikiro, ina polumikizira paipi ndi thanki, ina pachogwirira penipeni pamene pamakhala dzanja. Mlimi amang'amba jumbo kapena kudula mphira ya chubu cha njinga, n'kukulunga, ulendo wa kumunda. Pofika masana malaya anyowa kumsana konse, ndipo chawanyowetsa si thukuta lokha. Mankhwala monga cypermethrin ndi dimethoate amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka khungu likakhala la thukuta ndi kutentha kwathu kuno kunyanja. Mutu ukamawawa madzulo, timanamizira dzuwa.

Taonani pabotolo la mankhwala anu. Ambiri opopera thonje ndi mbewu za kudimba ali ndi zilembo EC pambuyo pa dzina. Mankhwala otere amawasungunulira m'mafuta a mtundu wa petulo, n'chifukwa chake amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi. Mafuta amenewa ndiwo amadya mphira wamba. Washa wa mphira ya chubu amayamba wafufuma, kenako amafewa, pamapeto pake amanyenyeka. Mumangitse bwanji, pakapita masiku adonthanso, poti mphirayo ndi imene ikugonja.

Pali gulu la mapulasitiki ndi mphira limene mankhwala otere saligonjetsa, ndipo akatswiri amalitcha fluoropolymer. Wodziwika kwambiri m'gululi ndi PTFE, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la malonda loti Teflon. Anamutulukira mwangozi Roy Plunkett mu 1938 ku New Jersey, m'dziko la America, akufufuza za mpweya woziziritsa mafiriji pakampani ya DuPont. Anatsegula silinda ya mpweya, mpweya osatuluka, ndipo atayidula anapezamo ufa woyera, woterera, wosasungunuka m'mankhwala amene anauyesa nawo.

Chinsinsi chake chili m'kapangidwe. Pulasitiki aliyense ndi unyolo wautali wa tinthu ta kaboni. Mu PTFE unyolo wonsewo wazunguliridwa ndi fluorine, amene amagwirana ndi kaboni mwamphamvu kwambiri n'kuukuta ngati mpanda wa bango wolukidwa mothina, wopanda mpata. Asidi wa m'batire, kolorini wothira m'madzi, soda, dizilo, petulo, feteleza wosungunula: zonsezi zimangodutsa pamwamba osaluma. Samwa madzi, sachita dzimbiri, dzuwa silimuumitsa kuti athetheke, ndipo amagwira ntchito bwinobwino mpaka kutentha kwa madigiri 260. Kusungunuka amasungunuka pa madigiri 327.

Musaganize kuti ndi chinthu cha kutali. Kampukutu ka tepi yoyera, yopyapyala, yopanda zomatira kamene mumagula m'mashopu a hadiweya pa Kamuzu Road, kamene amapulambala amati thread tape, ndi PTFE weniweniyo. Kwa inu a mthirira, kaya muli ndi thiredo pampu, pampu ya sola kapena ya injini, kaya muli ku Lifuwu kapena m'madimba a m'mbali mwa Linthipe ndi Lingadzi, tepi imeneyi isamasowe m'thumba la zida. Polumikizira paipi yokoka madzi pakamalowa mpweya, pampu imalephera kukoka, ndipo mumatha mphamvu kapena mafuta pachabe mukumati pampu yafa.

Koma kukulunga kwake ambiri amakuphonya. Yambani mwapukuta mazinga a paipi kuti pasakhale mchenga kapena tepi yakale. Gwirani paipi kukamwa kwake kutayang'ana kwa inu, ndipo kulungani motsata mmene muvi wa wotchi umayendera, kumene ndi kumene soketi idzazungulire pomanga. Mukakulunga mobwerera, tepi imafunyululuka pomanga n'kuunjikana panja, ndiye mwangotaya ndalama. Muziikoka pang'ono kuti ilowe m'mazinga mpaka mazingawo azioneka pansi pake. Kuzunguliza katatu mpaka kasanu kumakwanira pamapaipi aang'ono, koma tepi zotchipa zopyapyala kwambiri zimafuna kuonjezerako. Zinga loyamba la kumapeto lisiyeni lopanda tepi. Ichi ndikuchitsindika chifukwa kachidutswa kakaduka n'kulowa m'paipi, sikasungunuka ngakhale patapita zaka. Kamakatseka nozo ya sipuleya kapena timabowo ta mthirira wa madontho, ndipo mudzavutika kupeza chatseka. Mukamanga, musabwezenso m'mbuyo pofuna kuwongola mpope. Ngati mwamasula, chotsani yonse muyambirenso.

Chenjezo lina ndi la kuterera. Paipi yokulungidwa tepi imalowa mofewa, ndiye dzanja silimva kuti yathina. Pamasoketi a pulasitiki anthu amapitiriza ndi sipanala mpaka soketi kung'aluka. Mangani ndi dzanja mpaka pothina, kenako sipanala pang'ono chabe.

Tepi ndi ya pamazinga basi. Pamapaipi a PVC omata ndi guluu ilibe ntchito. Pamalo pamene pali kale washa kapena kamphete ka mphira, chotseka madzi ndi washayo, ndipo kukulunga tepi pamenepo kumangolepheretsa washa kukhala bwino. Apa ndipo pamene masipuleya ambiri amatipusitsa: malo ake odontha ambiri ndi a washa, osati a mazinga.

Pamalo oterewa funsani mawasha ndi timphete ta Viton, tina timalembedwa FKM papaketi. Imeneyi ndi mphira ya m'gulu lomwelo la fluorine: imatamuka ngati mphira koma sifufuma m'mafuta a mankhwala ambiri a EC, mu dizilo kapena m'petulo, ndipo imapirira kutentha mpaka madigiri pafupifupi 200. Ndi yokwera mtengo kuposa mphira wamba, izi sindikubisani. Koma werengerani mankhwala amene amathera pamsana panu ndi panjira m'malo mothera pa mbozi, muonjezerepo masiku ogona chifukwa cha kudwala pamene thonje likuchita maluwa. Kwa ine, kalabu ya alimi imene imasonkherana kugula sipuleya imayenera kugula ndi paketi ya mawasha ake tsiku lomwelo, a mtundu wa sipuleyayo, poti pofika Januwale aliyense amakhala akusaka zomwezo.

Mtundu usakunamizeni. Viton ilipo yakuda, yofiirira ndi yobiriwira, ndipo mphira wamba nayo ikhoza kupakidwa mtundu uliwonse. Chimene chimathandizako ndi kulemera: timphete tiwiri tofanana kukula, ka Viton kamalemera kuposa kanzake. Chodalirika kwambiri ndi kuwerenga papaketi ndi kugula kwa ogulitsa zipangizo zaulimi ovomerezeka. Dziwaninso kuti Viton ili ndi adani ake. Acetone, amene amapezeka m'mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo ndi m'mankhwala ena osungunulira penti, amaifufumitsa msanga, choncho musatsukire zida za sipuleya zinthu zotere. Madzi ndi sopo zakwana. PTFE nayenso ali ndi chofooka chake: ndi wofewa, ndipo akapanikizidwa nthawi yaitali amaphwatalala osabwerera, ndiye gasiketi yake yoyera imafuna kuikhwimitsanso pakapita nthawi.

Washa wabwino sakuchotserani udindo wotsuka. Mukamaliza kupopera tsukani thanki katatu, mupope madzi oyera kuti adutse m'paipi ndi pa nozo, ndipo madziwo athere m'munda momwemo, kutali ndi chitsime, mtsinje ndi nyanja. Cypermethrin amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri, ndipo ife kuno ndiwo zathu zili m'madzimo. Musanathire mankhwala tsiku lotsatira, yesani sipuleya ndi madzi okha muone ngati pali podontha.

Tsopano za moto, pakuti apa ndiye pali ngozi yeniyeni ya zinthu zimenezi. Pulasitiki amene asidi amamulephera, moto umamuphwanya, ndipo utsi wake ndi woipa. Kutentha kukapitirira madigiri 260 PTFE amayamba kuonongeka, ndipo kukafika cha m'ma 350 amatulutsa utsi umene umadwalitsa munthu ngati chimfine chachikulu: kuphwanya m'thupi, kutentha thupi, chifuwa kubanika, patangopita maola ochepa. Kuno wina angathamangire kuganiza kuti ndi malungo. Njira imene yadwalitsa antchito ambiri m'maiko ena ndi fodya: tizidutswa ta PTFE timatsalira kuzala, timalowa mu ndudu, munthu n'kukoka utsi wake. Inu opichira chingambwe, sambani m'manja mukatha kugwira tepi, ndipo musaike tepi m'thumba limodzi ndi fodya. Viton ikapsa imatha kusiya asidi woopsa amene amaotcha khungu mpaka mkati, choncho washa wa pa injini imene yapsa musamugwire ndi manja opanda magolovesi.

Amayi, ziwaya zakuda zosamatirira zimene zafala m'misika zija zimakutidwa ndi PTFE yemweyu. Kampani ya Tefal ya ku France inayamba kuzipanga mu 1956. Pokazinga mazira kapena usipa ndi mafuta pamoto wapakatikati palibe vuto. Vuto ndi kusiya chiwaya chopanda kanthu pambaula ya makala oyaka kwambiri, pakuti m'mphindi zochepa chimapitirira malire aja. Mbalame sizipirira utsi umenewu ngakhale pang'ono, ndiye amene mumafungatira anapiye m'khitchini samalani: akhoza kufa onse inu musanamve fungo lililonse. Takasirani ndi mthiko, osati supuni yachitsulo, ndipo chikayamba kusupuka chipumitseni.

Zotsalira za tepi ndi mawasha akale musaziponye pamoto wa zinyalala kapena kusonkhezera mbaula. Siziola, choncho m'munda zingokhala momwemo mpaka nkhuku kuzitola. Zisonkhanitseni m'chitini chovindikira pamodzi ndi manozo akutha, muzisunge kumene mumasunga mabotolo otsukidwa a mankhwala, pamalo pamene ana safika.