Momwe mungatetezere laputopu yanu kwa akuba ndi mavairasi muno mu Harare

Laputopu ikabedwa mungathe kugula ina, koma zithunzi za ukwati wa kumudzi, CV, ntchito ya sukulu ya mwana ndi kaundula wa bungwe la maliro sizigulidwa pena paliponse. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa flash kapena pa hard drive yapadera. Mukamaliza muizule, muisunge m'kabati. Musaiike m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba amanyamula chikwama chonse. Amene muli ndi Gmail muli kale ndi malo aulere okwana 15 GB pa Google Drive, ikaniko zikalata zofunika kwambiri.

Kenako tembenuzani laputopuyo. Pansi pake pali kapepala kolembedwa serial number. Jambulani nambalayo pamodzi ndi lisiti yogulira, n'kudzitumizira pa imelo. Mukapita kupolisi kukadandaula adzakufunsani nambala imeneyi, ndipo ndi yomwe ingatsimikize kuti makina opezekawo ndi anu.

Chachitatu ndi pasiwedi. Ikani yaitali, osati dzina la mwana wanu kapena chaka chanu chobadwa, ndipo mukamachoka pa desiki dinani batani la Windows pamodzi ndi L kuti itsekeke. Koma pasiwedi payokha sikwanira, pakuti wodziwa amangochotsa disiki n'kukaiwerenga pa kompyuta ina. Yatsani BitLocker ngati muli ndi Windows Pro, kapena Device encryption ngati makina anu ali nayo; zonsezi zimatseka zomwe zili pa disiki kuti wopanda kiyi asathe kuziwerenga. Idzakupatsani kiyi ya manambala 48. Ilembeni papepala, muisunge pamodzi ndi pasipoti, chifukwa ikatayika ngakhale inu eni ake mukhoza kutsekeredwa kunja. Yatsaninso Find my device, yomwe imaonetsa komwe kuli laputopu yanu, ngakhale imathandiza pokhapokha wakubayo atalumikiza makinawo ku intaneti.

Poyenda m'tauni, chikwama cha laputopu chimadziulula chokha. Ndi bwino kuikulunga m'juzi n'kuiponya m'chikwama wamba. Pokwera kombi ku Copacabana, ku Market Square kapena ku Mbare Musika, pamene anthu akukankhana pakhomo, chikwama chikhale pachifuwa, ndipo mukakhala pansi chikhale pamiyendo panu. Oyendetsa galimoto musaisiye pampando, iikeni m'buti musananyamuke. Kunyumba, makamaka usiku magetsi a ZESA akazima, isagone pafupi ndi windo, poti dzanja limadutsa bwinobwino pakati pa zitsulo.

Tsopano za mavairasi. Ambiri amabwera ndi flash yomwe yayenda m'malo osindikizira mapepala. Mukafika kunyumba mumapeza mafoda anu onse ali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Musawatsegule, chifukwa mukangodina mwailowetsa vairasiyo m'kompyuta. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Dinani flashyo ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe kuti Microsoft Defender, pulogalamu yolimbana ndi mavairasi, iyiunike kaye. Chabwino koposa n'kuleka kunyamula flash, muziwatumizira osindikizawo PDF pa WhatsApp kapena pa imelo.

Defender imabwera kale ndi Windows ndipo kwa ambiri a ife ndi yokwana. Musawonjezere antivirus awiri kapena atatu, amangolimbana okhaokha n'kulemetsa makina. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musamazimitse ma update, zigamba zomwe Microsoft imatumiza zotseka mipata yolowera mavairasi, poopa kutha kwa bandulo. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry inatseka makompyuta m'maiko oposa 150 n'kumafuna dipo, pamene Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu March. Pezani Wi-Fi kuntchito kapena kwa m'bale, muisiye laputopuyo imalize ma update. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, choncho ngati makina anu angakwanitse, samukirani ku Windows 11.

Mapulogalamu obedwa amene amaikidwa pamtengo wozizira nthawi zambiri amabwera ndi zobisika m'kati. Chimodzimodzinso maulalo olonjeza ntchito kapena mphoto amene amazungulira m'magulu a WhatsApp. Tsamba lililonse lofunsa PIN yanu ya EcoCash litsekeni pomwepo.

Mukaona kuti vairasi yalowa, zimitsani Wi-Fi nthawi yomweyo ndipo musalumikize hard drive yanu yosungira ija kufikira makinawo atayeretsedwa. Tengani foni, musinthe mapasiwedi kuyambira wa imelo, chifukwa wolowa mu imelo yanu angathe kusintha ena onse.