Mmene mungazindikirire nsomba ya lamprey ndi mitundu yake

Munthu amene anazolowera mkunga akhoza kusokonezeka akaona lamprey koyamba, chifukwa nayonso ndi yaitali ndiponso yoterera. Choncho yambani ndi kuitembenuza chagada n'kuyang'ana kukamwa. Lamprey ilibe nsagwada, ndipo kamwa yake ndi yozungulira ngati ya msundu, imene imamatirira nayo pamwala kapena pathupi la nsomba ina. Kenaka werengani mabowo opumira amene ali kumbuyo kwa diso, omwe ayenera kukhala 7 mbali iliyonse, ndipo onani ngati pamwamba pa mutu pali bowo limodzi la mphuno. Zipsepse zam'mbali, zimene mkunga uli nazo, lamprey ilibe.

Mitundu yake ilipo pafupifupi 40 ndipo imagawidwa m'mabanja atatu. Banja lalikulu la Petromyzontidae limapezeka ku Ulaya, kumpoto kwa Asia ndi ku North America, pamene Geotriidae ndi Mordaciidae amapezeka kumwera, monga ku Australia ndi ku Chile.

Posiyanitsa mtundu ndi unzake, mano ndiwo amathandiza kwambiri, ndipo m'pofunika galasi lokulitsa zinthu komanso kudekha. Titenge mitundu itatu ya m'mitsinje ya ku Britain. Petromyzon marinus imatha kufika mita imodzi, ili ndi mawangamawanga kumsana, ndipo mano ake akuthwa amadzaza kamwa yonse m'mizere yozungulira. Lampetra fluviatilis ndi yocheperapo, yotuwa kumsana, yoyera kumimba, ndipo mano ake ndi owerengeka chabe. Lampetra planeri kawirikawiri sipitirira masentimita 20, ndipo mano ake ndi obuntha chifukwa ikakhwima siidyanso kanthu, imangoswana n'kufa.

Chimene chimavuta kwambiri ndi ana ake. Amakhala zaka zingapo atakwiririka m'matope a mumtsinje, alibe mano ndipo maso awo amakhala obisika pansi pa khungu, moti akatswiri akale ankawayesa nyama ina n'kuwapatsa dzina lawolawo la Ammocoetes, mpaka pamene katswiri wina wa ku Germany, August Müller, anasonyeza mu 1856 kuti ndi ana a lamprey. Ine ndimalangiza kuti musathamangire kutchula mtundu wa mwana wotere, makamaka chifukwa ana a mitundu iwiri ya Lampetra ija amafanana kwambiri moti maso okha sangawasiyanitse. Lembani utali wake, malo ndi tsiku limene mwamupeza, mumujambule, kenaka mumubwezere m'matope momwe munamuchotsa.