Kukonza makoma akale a njerwa ku Galena, Illinois

Nyumba zambiri za mumsewu wa Main Street ku Galena, tauni ya ku America, monga hotelo ya DeSoto House yomwe inatsegulidwa mu 1855, anazimanga ndi njerwa zofewa komanso matope a laimu. Mukamata matope olimba a simenti yambiri m'mipata ya njerwazi, khoma mwalipha. Chinyezi chimasowa potulukira, chimakhazikika m'njerwa, ndiye kukazizira madziwo amaundana kukhala ayezi n'kufufuma, nkhope ya njerwa n'kuyamba kusweka.

Yambani ndi kugoba matope ofumbutuka m'mipata ya njerwa ndi tchizulo, pamanja. Kuya kwa pogobapo kukhale kawiri kapena kawiri ndi theka kwa kukula kwa mpatawo. Makina odulira amaluma m'mphepete mwa njerwa, asiyeni. Sesani fumbi, nyowetsani khoma.

Sakanizani muyeso 1 wa simenti, 2 ya laimu ndi 9 ya mchenga wofanana mtundu ndi wakalewo. Apa musathamange: lowetsani matope pang'onopang'ono, mamilimita 6 nthawi imodzi, ndipo dikirani alimbe moti chala chizingosiya kachidindo musanawonjezere ena. Mukadzaza kamodzi, amang'aluka pouma.

Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 5 a Celsius, imitsani ntchito. Mukamaliza, muziwaza madzi pakhomalo kwa masiku atatu. Ndipo chonde, musalitsuke popopera mchenga, chifukwa khungu la njerwa likachoka silibwereranso.