Kawerengedwe ka anthu amene anakavota m'wodi yanu

Pa malo aliwonse oponyera voti pezani manambala atatu: olembetsa m'kaundula wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, mavoti ovomerezeka, ndi mavoti owonongeka. Awiri omalizawa ali pa pepala la zotsatira lomwe mamonita a zipani amasainira.

Phatikizani ovomerezeka ndi owonongeka, gawani ndi olembetsa, chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze kuti pasukulu ina ku Bembeke analembetsa 800, mavoti abwino ndi 560, owonongeka 20. Ndiye kuti anabwera anthu 580, kapena 72.5 peresenti. Ambiri amataya 20 aja nkupeza 70. Nkulakwa: wochonga pawiri nayenso anaima pamzere, chala chake chili ndi inki.

Msampha waukulu uli pophatikiza malo angapo. Musaphatikize maperesenti nkugawa pakati. Ngati pa malo a anthu 200 panavota 90 peresenti, pomwe pa malo a anthu 1,800 panavota 60, wodiyo siili pa 75. Werengani mitu: 180 kuphatikiza 1,080 ndi 1,260 mwa 2,000, yomwe ndi 63.

Poyerekeza zaka, yang'ananinso kaundulayo. Mu May 2019 dziko lonse linafika pafupifupi 74 peresenti, pa chisankho chobwereza cha 23 June 2020 nkutsika kufika pafupifupi 65. Musathamangire kunena kuti anthu anagwa ulesi basi. Cha 2020 chinali cha pulezidenti yekha, chopanda phungu kapena khansala wokokera anthu ake kumzere, ndipo chinagwiritsa ntchito kaundula wa 2019. Womwalira, wosamukira ku Lilongwe, wopita ku Joni, onse anali akadali m'buku. M'midzi ya m'malire ngati ku Lizulu ndi Tsangano, komwe anthu amawoloka kukalima kapena kukagula mbatatesi ku Mozambique, funsani za osamuka musanalembe chilichonse.

Samu ikuuzani angati, siikuuzani chifukwa. Apa mpofunika kuyenda khomo ndi khomo, kudumpha nyumba zinayi nkulowa yachisanu, osati kungosankha za m'mbali mwa msewu. Funso lakuti "Munavota?" limabala bodza, poti munthu amachita manyazi kukana. Nenani chonchi: "Ena tsikulo anatanganidwa, ena anadwala. Kaya inu amayi zinakuyenderani bwanji?" Kwa amfumu kaperekeni ulemu, koma pofunsa asakhalepo, ngakhale nduna zawo.

Zovala nazo zimayankhula. Buluu ndi DPP, chikasu ndi UDF, kufiira ena akuyesani a UTM, tambala ndi MCP. Valani zosaonetsa mbali.

Ndipo Dedza ndi Ntcheu musaziike m'thumba limodzi poti zonse ndi m'chigawo chapakati. Dedza ndi kwawo kwa malemu John Tembo, MCP inazika mizu kalekale. Ntcheu mu 2019 inatsamira kwa mwana wa m'bomalo, Saulos Chilima. Boma lililonse lilembeni pa tsamba lake, wodi ndi wodi.