Momwe mungamangire zida zomirira pansi pa madzi kuti zisakutayikeni

Amene anamirapo ndi silinda ya mpweya ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear amadziwa: tochi ikapulumuka n'kugwera m'ming'alu ya miyala momwe mumabisala mbuna, basi yapita. Kawirikawiri vuto limakhala mfundo imene munamangira. Pansi pa madzi mumafunika mfundo yosasomphoka yokha, komabe yoti mutha kuidula ndi mpeni mukakodwa.

Yambani ndi chingwe. Chija cha pulasitiki chimene ambiri amayanikapo zovala chisiyeni kunyumba. Chimaterera, chimayandama, ndipo mfundo zake zimamasuka. Pezani cha nayiloni choluka, chokhuthala pafupifupi mamilimita 2, chimene omira amachitcha cave line.

Kenaka sankhani chokowera. Chabwino ndi bolt snap yachitsulo chosachita dzimbiri, imene imatseguka pokhapokha mwakankha kampini kake ndi chala. Zokowera zija zimene chitseko chake chimangotseguka chikakankhidwa n'zoopsa: chingwe chilichonse chimalowamo chokha. M'nyanja yathu muli matchera otayika, ndiye musatengere zimenezi mwachibwana.

Tsopano kumanga bolt snap ku tochi kapena ku paipi ya geji ya mpweya. Dulani chingwe cha masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Chipiseni pa diso la bolt snap ndi pa bowo la tochi, muzungulize katatu, mukukoka zolimba nthawi iliyonse. Mangani nsonga ziwirizo: yakumanja pamwamba pa yakumanzere, kenaka yakumanzere pamwamba pa yakumanja. Mukalakwitsa n'kubwereza mbali imodzimodzi, mfundoyo imaoneka ngati yagwira koma imaterera. Mukatero, zungulizani nsongazo mopingasa pakati pa chokowera ndi tochi, kuti zifinye mizere itatu ija pamodzi, n'kumanganso mfundo yomweyo mbali inayo. Dulani zotsala, musiye tinsonga tating'ono, mutiwotche ndi laita mpaka tisungunuke ngati timitu ta machesi. Ena amadonthezapo supagulu. Ine ndimatero ndithu, kadontho kamodzi basi.

Mwina mukuti, bwanji osangolumikiza ndi mphete yachitsulo? Chifukwa chokowera chikakanirira muli pansi, chitsulo simungachidule. Chingwe mumachicheka m'kamphindi, tochi n'kupita, inu n'kutsala amoyo. Timalamba tapulasitiki tomangira mawaya natonso si todalirika. Dzuwa likatiwomba kwa nthawi timauma n'kuthyoka mosachenjeza.

Pofuna diso losafinya kumapeto kwa chingwe, monga pomangirira ku boti kapena ku boya, gwiritsani ntchito mfundo yotchedwa bowline. Pindani kadiso kakang'ono pa chingwe, tulutsani nsonga m'kadisoko kuchokera pansi, izungulire kumbuyo kwa chingwe chachikulu, ibwerere kulowa momwe inatulukira. Ikakokedwa imagwira, ndipo pambuyo pake imamasuka mosavuta. Koma ili ndi chilema chake: chingwe chikakhala chosakungika n'kumagwedezeka ndi mafunde, ngati nthawi ya mwera, imamasuka yokha. Choncho siyani mchira wautali ndipo muumange ndi mfundo ina yotsekera.

Polumikiza zingwe ziwiri, makamaka zosiyana kukhuthala, musagwiritse ntchito mfundo ija tinamangira tochi. Pamenepo imatembenuka n'kusomphoka. Mfundo yotchedwa sheet bend, imene nsonga ya chingwe chimodzi imazungulira chinzake chopindidwa, ndiyo yoyenera, ndipo muzungulize kawiri ngati zingwezo n'zoterera.

Musanakwere boti, nyowetsani mfundo iliyonse, muikoke mwamphamvu, muigwedeze. Mnzanu womira naye aikokenso. Yesererani kumanga bowline mutatsinzina, chifukwa m'madzi a matope manja ndiwo amaona. Ndipo mpeni kapena kodulira kanu kakhale poti dzanja lililonse lingafike, pachiuno kapena pachifuwa, osati kumwendo.